Dziwe la Ndowe ndi Thalakitala Yobwerekedwa

1990

Ana anga, za ubwana wanga ndakuuzani kambirimbiri, moti ena mwa inu mumandimalizira mawu ndisanafike n'pakati pomwe. Zimenezo ndizilumpha. Pano ndikufuna kulemba za ntchito imene inakulelani, makamaka za tsiku limene ndinakana mwayi ndi pakamwa panga, chifukwa mpaka lero alipo amene amati ndinapusa.

Ndinalembedwa ntchito yoyendetsa thalakitala pa famu ya ba Sakala m'chilimwe cha 1990. Famuyo inali pakati pa Rufunsa ndi Mpanshya. Ukasiya msewu wa tala unkatsika ndi msewu wafumbi, n'kuwoloka kamtsinje pathanthwe, kenako n'kukwera kamtunda. Pamwamba pa kamtundako panali khola la ng'ombe, ndipo kumunsi, m'mbali mwa kamtsinje komweko, kunali mudzi wa kwawo kwa amayi anu, kumene ine ndinkakhala chikamwini. Ba Sakala anali atapuma ntchito ya boma ku Lusaka, n'kugula ng'ombe zamkaka za mawanga akuda ndi oyera. Anali munthu wamfupi, wolankhula modekha, mkulu wa mpingo, ndipo mawu oti "iyayi" ankawakanirira pakhosi ngati munga wa nsomba. Tsiku loyamba anandionetsa thalakitala yofiira, yosupuka penti, itaimikidwa pamalo otsetsereka. Nditafunsa chifukwa chake, iwo anati, "Batire inafa chaka chatha, ba Tembo. Manje imauka chabe ngati mwaikankha. Muzakwanisa?" Ine ndinati, "Bwana, ngati ili na mawilo izayenda." Inalira titaikankha kachitatu, ndipo ntchito ndinaipeza choncho.

Magetsi a boma kunalibe kwathu kuno. Pa famupo panali jenareta ya dizilo yomwe inkaziziritsa thanki ya mkaka, ndipo inkayatsidwa kawiri pa tsiku, nthawi yokama m'mawa ndi masana dzuwa likapendeka. Inali m'kanyumba kakekake, itamangidwa ndi mabawuti pa simenti. Woiyang'anira anali ba Zulu, bambo wamtali amene ankavala chikhoti choyera ngati dokotala, kiyi wa kanyumbako ali m'khosi. Ine ndi ba Zulu sitinkamwerana madzi. Iwo ankati woyendetsa thalakitala ndi m'busa wa ng'ombe yachitsulo, ine n'kumati ntchito yawo yodina batani ngakhale nkhuku ingaigwire. Sitinamenyanepo ayi, koma moni wathu unali wa m'mano.

Pali chinthu chimodzi chimene muyenera kumvetsa, apo ayi zonse zotsatirazi sizimveka. Thalakitala ija pa pepala inali ya ba Sakala, koma kunena zoona inali ya midzi yonse yozungulira. Kukagwa maliro, munthu ankabwera chipewa chili m'manja, n'kunjuta pakhonde, n'kunena kuti, "Atate, kwagwa zovuta." Ba Sakala ankangondiyang'ana, ine n'kukakoleka ngolo. Ndinanyamula mabokosi, nkhuni za pamaliro, odwala opita kuchipatala ku Mpanshya, akwati, makwaya, ngakhale malata a tchalitchi. Mvula yoyamba ikagwa ndinkalimira akazi amasiye. Anthu anafika poipatsa dzina loti Abusa, ati chifukwa sinkasowa pa maliro kapena pa ukwati. Ine ndinkaikonda ntchito imeneyi, ndisakunamizeni. Kukhala pamwamba apo, ana akukuthamangira, akuluakulu akukuvulira chipewa, mtima unkakhala m'malo.

Januwale 1993

Walira mvula walira matope. Ng'ombe zinaswana, mkaka unachuluka, nazonso ndowe zinachuluka. Tikatha kukama tinkatsuka simenti ya mokamira, ndipo madzi onsewo, osakanikirana ndi ndowe ndi mkodzo, ankatsata ngalande n'kukathira m'dziwe limene tinakumba kuseri kwa khola. M'chilimwe silinkavuta. Linkaphwa lokha, ndipo amayi a m'mudzi ankabwera ndi zidebe kudzatapa manyowa a m'madimba. Koma chaka chimenecho, titatuluka m'chilala chija chimene chinatidyetsa chimanga chachikasu, mvula inabwera ngati ikubweza ngongole. Dziwe linadzaza, linabooka mbali ya kumunsi, ndipo zonse zinatsetsereka ndi kakhwawa n'kukalowa mumtsinje, kumtunda kwa potungira madzi anthu. Tsiku limenelo ine ndinali ku maliro ku Shikabeta ndi thalakitala, ndipo ndinabwerako patapita masiku awiri.

M'sabata yomweyo ana a m'mudzi anayamba kutsegula m'mimba. Iwe Joyce, mwana wanga woyamba, unali ndi zaka zinayi, ndipo unafooka mpaka khosi linkalephera kunyamula mutu. Mulungu anatichitira chifundo, palibe mwana amene anatisiya, koma ndinachita mantha amene sindinawaiwale. Tsono agogo anu, amayi a amayi anu, anachita chinthu chimene chinandipweteka kuposa ndodo. Inu a masiku ano mumaseka ndi apongozi anu pa foni, koma ife sitinkatero. Ine ndi apongozi anga sitinkayang'anana m'maso, sitinkadyera pamodzi, ndipo tikakumana panjira mmodzi ankapatukira kutchire. Zonena zonse zinkadzera mwa amayi anu. Choncho iwo sanandikalipire. M'mawa wina ndikutuluka m'nyumba ndinapeza chidebe pakhomo penipeni, chodzaza madzi obiriwira a kumtsinje, kapu ikuyandama pamwamba. Ndinafunsa amayi anu kuti, "Nanga ichi?" Iwo anati, "Ni amama aika. Akuti amene asewenza ku ng'ombe ayambe ndiye kumwa." Ndinachinyamula n'kukachitaya kuseri, manyazi atandigwira mpaka kumapazi.

Ba Sakala anatsikira kumudzi kukapepesa, ndipo anagwada pamaso pa azimayi, munthu wamkulu ngati uja. Tinakweza chipupa cha dziwe ndi dothi, ndipo dzinja lonselo tinkatunga zonyansazo ndi zidebe n'kumathira m'migolo. Tonse tinkadziwa kuti kumeneko kunali kumata bala ndi malovu.

Ogasiti 1994

Ba Sakala anaitana mlangizi wa zaulimi wochokera ku Lusaka, mnyamata waulemu wovala nsapato zonyezimira. Anazungulira dziwe atatseka mphuno ndi mpango, kenako tinakhala pansi pa mtengo wa mango, ine, ba Sakala ndi ba Zulu. Iye anati njira zinalipo ziwiri zochotsera madziwo dziwe lisanadzaze, n'kumawathira m'munda wa msipu kuti udzu uzikula. Yoyamba inali thanki yaikulu ya matayala yokokedwa ndi thalakitala, yokhala ndi pampu yozunguzidwa ndi shafuti ya kumbuyo kwa thalakitalayo. Umafika padziwe, imayamwa, n'kupita kukamwaza kumunda kulikonse kumene ukufuna, ngakhale kutali. Yachiwiri inali pampu yamagetsi yoikidwa pambali pa dziwe, yolumikizidwa ku jenareta, yokankha madzi m'mapaipi mpaka m'minda yapafupi, koma mapaipiwo ankafunika munthu wowasuntha ndi manja tsiku lililonse. Mphamvu za ba Sakala zinali zokwanira chimodzi chokha.

Mlangiziyo anakonda thanki. Anati imayamwa ngakhale zolimba, siitsekeka ndi udzu, ndiponso imafika kutali. Kenako anandifunsa kuti, "Mudala, talakita yanu imasewenza masiku angati pa famu mu wiki?" Ndinati, "Atatu, penangu anayi." Iye anamenya m'manja n'kunena kuti, "Mwaona, ba Sakala! Masiku enangu yonse imankhala chabe. Gulani tanka." Sananame, ndipo inenso sindinaname. Iye anafunsa za masiku a pa famu, ndipo ndinamuyankha zomwezo. Anawonjezeranso kuti ogulitsa thankiyo adzakonza injini ya thalakitala yathu, adzaika batire yatsopano, ndipo woyendetsayo adzamutenga ku Lusaka kukamuphunzitsa masabata angapo n'kumupatsa satifiketi. Ana anga, ine sukulu ndinalekera panjira. Pepala lokhala ndi dzina langa ndinali ndisanaligwirepo chibadwire. Nditamva mawu amenewo mtima unagunda ngati injini yozizira, ndipo nditayang'ana ba Zulu ndinaona nkhope yawo itagwa, zomwe zinandikomera kwambiri.

Mlendoyo atapita, ba Sakala anandiitanira pambali. Anati, "Ba Tembo, uja mwana aziwa mabuku, koma imwe muziwa talakita na mudzi. Ganizani. Pa Chiwelu muniuze, ndipo chamene muzakamba ndiye nizagula." Ndinawauza kuti palibe choganiza, koma iwo anati, "Awe, pa Chiwelu."

Ndinafika kunyumba ndikuimba mluzu. Ndinapeza amayi anu akusenda mtedza pabwalo, ndipo ndinawafotokozera zonse, kuyambira batire mpaka satifiketi, ngakhale khoma limene ndidzaipachike. Anamvetsera osakweza mutu. Nditamaliza anangofunsa kuti, "Tsiku lija damu inang'ambika, munali kuti?" Ndinati ndinali ku maliro ku Shikabeta. Iwo anati, "Na talakita?" Ndinati, "Na talakita." Anapitiriza kusenda mtedza wawo, ine mluzu unathera pomwepo. Ndinakwiya, ndipo ndinawauza kuti akazi sadziwa za makina. Anati, "Ni zoona, sitiziwa."

Masiku atatu otsatirawo ndinkalima malo a msipu, ndipo munthu ukakhala pa thalakitala umakhala wekha ndi mutu wako. Ndinayamba kukumbukira dzinja lapitalo, sabata ndi sabata. Dziwe limadzaza mu Januwale ndi Febuluwale. Miyezi yomweyo ndi imene malungo amagwetsa anthu, ndi imene maliro amachuluka, ndi imene njinga ndi minibasi zimalephera msewu wathu, moti chotulutsa wodwala chimatsala thalakitala yokha. Masiku amene mlangizi ankati imangokhala anali masiku a mudzi. Ndinayesa kudzinyenga kuti ba Sakala adzayamba kukana. Koma ndinadzifunsa kuti, kodi munthu atanjuta pakhonde, mwana wake ali gone m'nyumba, ndani adzamuuze kuti dikirani, tikumwaza ndowe? Ba Sakala sakanatha. Inenso sindikanatha, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pa Chiwelu paja, Loweruka, ndinawapeza ba Sakala akuyang'ana ana a ng'ombe. Ndinavula chipewa n'kunena kuti, "Bwana, gulani pampu ya malaiti." Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati, "Muziwa kuti sikuzankhala kosi? Muziwa kuti pampu izankhala m'manja mwa ba Zulu, ndipo mapaipi muzayamba kuguza ndimwe, pakuti nilibe munthu winangu?" Ndinati ndikudziwa. Anafunsa chifukwa. Ndinati, "Talakita ili na mawilo, bwana, ndipo chilichonse chili na mawilo kuno chimabwerekewa. Jenareta ni yomanga pa simenti. Kulibe azabwera na chisote m'manja kuzaipempha." Ba Sakala anaseka mpaka kutsokomola, kenako anasiya kuseka, n'kundigwira paphewa. Anabwerera kwa ana a ng'ombe aja. Ine ndinapita kuseri kwa shedi, ndipo ndikuuzani zoona, ndinakhala pa tayala lakutha n'kumva chisoni ngati ndaferedwa.

1995

Pampu inabwera, ndipo ba Zulu anakula ngati chule wa m'dzinja. Anawonjezera kiyi wachiwiri m'khosi. M'mawa uliwonse ine, dalaivala wolemekezeka uja, ndinkavala majombo n'kumakoka mapaipi m'msipu, iwo ataima patali ndi chikhoti chawo choyera n'kumakuwa kuti, "Ba Tembo, mwakonzeka? Nidine?" Kawiri konse anadina ndisanayankhe, ndipo ndinasamba zimene simungafune kumva. Kutchalitchi benchi yanga inayamba kukhala ndi malo ambiri. Amayi anu ankandiikira madzi ndi sopo panja, n'kumati ndisalowe m'nyumba ndisanasambe kawiri. Anzanga oyendetsa malole pamsewu waukulu atamva za satifiketi ija anati ndinalodzedwa.

Pampuyo nayo sinali mngelo. Inkatsekeka ndi udzu wa m'khola, mpaka ndinapanga sefa ndi waya wa bedi lakale la ba Sakala. Raba ya m'kati itatha tinadikira mwezi wathunthu, ndipo ba Zulu anadula ina pa chubu cha thalakitala yanga osandipempha. Mapaipi sankafika kumunda wakutali, monga ananenera mlangizi uja. Dizilo naye ankasowa, koma apa m'pamene ndinaona ubwino wina umene sindinauganizire: dizilo akachepa, ba Sakala ankayamba kuthira mu jenareta chifukwa cha mkaka, choncho pampu inkadya nawo pomwepo. Msipu wapafupi unabiriwira ngakhale mu Okutobala, ng'ombe zinanona, ndipo amayi anu anayamba kubwera ndi mkaka wotsala kunyumba. Ndinazolowera. Fungo nalonso munthu umalizolowera, amavutika ndi anzako.

Febuluwale 1996

Mvula inagwa masiku awiri osalekeza, ndipo dziwe linatsala pang'ono kufika pakamwa. M'mawa wa tsiku lachitatu ndili m'msipu ndi mapaipi, mlamu wanga anabwera akuthamanga kudzandiuza kuti amayi anu, amene anali oyembekezera, matenda awayamba, ndipo azamba akuti mwana wagona mopingasa, achite changu kupita ku Mpanshya. Mwana ameneyo ndiwe Dalitso. Ndinataya paipi pomwepo. Ba Sakala anali ku Lusaka. Ndinathamangira kwa ba Zulu n'kunena kuti, "Ba Zulu, damu." Iwo anati, "Ine nchito yanga ni kudina. Mapaipi ni yanu." Ndinalibe nthawi yokangana. Ndinakankhitsa thalakitala, ndinakoleka ngolo, tinagoneka amayi anu pa matiresi n'kuwafunditsa tenti, apongozi anga atakhala pambali pawo.

Tinafika, ndipo anamwino ndi adokotala anagwira ntchito yawo. Iwe unabadwa tsiku lomwelo, amayi ako ali moyo. Koma mvula sinaleke, ndipo uthenga unabwera woti madzi akokolola kamlatho ka pamsewu wathu wafumbi. Tinakhala ku Mpanshya masiku anayi. Mafoni kunalibe. Ndinkakhala pansi pa ngolo n'kumayang'ana mvula, chimwemwe cha mwana chili mbali ina, mbali ina ndikuona m'maganizo chipupa chija chikubooka, ndi ana anga ena amene ndinawasiya kumudzi akumwa madzi a kumtsinje. Ndinkadziwa kuti pampu ikamathira malo amodzi osasuntha mapaipi, madziwo amangoyenderera n'kubwerera kukhwawa komweko. Ndinkawadziwanso ba Zulu ndi chikhoti chawo. Apongozi anga ankadutsa ndi mbale kupita kuwodi, nkhope atatembenuzira kumbali monga mwa mwambo, koma ndinkadziwa kuti nawonso akuganiza za chidebe chija.

Tsiku lachisanu kunacha ndi dzuwa. Anthu anali ataika mitengo ndi miyala pa kamlatho, ndipo tinawoloka pang'onopang'ono. Tinafika pathanthwe la kamtsinje kathu dzuwa lili pamutu. Ndisanalowetse matayala m'madzi ndinamva kugogoda pa chitsulo cha ngolo. Anali apongozi anga. Ndinaimitsa, ndipo poti panali potsetsereka ndinazimitsa injini. Itangoti zii, ndinamva phokoso lina kuchokera kumtunda: jenareta inkalira masanasana, nthawi imene sinkayatsidwa n'komwe. Nditakweza maso ndinaona munthu wamtali m'msipu, atawerama, akukoka paipi, atavala chikhoti chimene kale chinali choyera.

Koma zimenezo sizinandiuze ngati chipupa chinapirira. Agogo anu anatsika okha, kapu yachitsulo ya kuchipatala ili m'manja. Anayenda mpaka potungira, anagwada, anayang'ana madziwo nthawi yaitali. Anali ofiirira ndi dothi la mvula. Anatunga, ananunkhiza, anadikira kuti dothi likhazikike, n'kumwa. Ine manja anali atagwira chiwongolero ngati ndikuyendetsabe. Anatunganso kachiwiri. Ndinkayembekeza kuti apereka kwa amayi anu, monga zinkakhalira zaka zisanu ndi zitatu zonsezo, koma anadutsa ngolo n'kudzaima pafupi ndi tayala lalikulu. Ananyamula kapuyo ndi manja awiri, maso ali pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirire anandilankhula ine mwini.

"Atate ake Joyce, mwayendetsa kutali. Imwani."

Ndinatsika, ndinanjuta, n'kulandira. Madziwo ankamveka dothi ndi masamba, basi. Satifiketi sindinaipeze mpaka ndinapuma ntchito, ndipo khoma lija mukuliona lili ndi kalendala chabe. Koma madzi amenewo ndinamwa onse, osasiyako ngakhale dontho.